Tifunseni: Kodi ku London ndalama zimathera pati?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku London. Ena mwa olemba ndi ophunzira, ena amagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, enanso angofika kumene potsatira amuna kapena akazi awo. Dandaulo lawo ndi limodzi: malipiro ukawawerengera m'makwacha amamveka ngati chuma cha mfumu, koma mwezi usanafike pa 20 m'thumba mwauma kale. Mitengo imene tatchula m'mayankhowa ndi ya mu 2025, ndipo ya mabasi ndi sitima imakonda kusintha mu Malichi.

Ndapeza ntchito pakati pa tauni, mu Zone 1. Pali zipinda ziwiri: china mu Zone 2 cha £850 pamwezi, china mu Zone 5 cha £700. Anzanga akuti ndisachedwe, nditenge chotchipacho. Akunena zoona?
*Mnyamata wofika kumene*

Achimwene, anzanuwo angoyang'ana lendi yokha. Ku London lendi ndi thiransipoti siziwerengedwa padera, chifukwa ndalama imene mwapulumutsa pa chipinda chakutali mumakaisiya pageti la sitima. Mzindawu unagawidwa m'mazoni kuyambira pakati (Zone 1) kupita kunja, ndipo mtengo wa sitima umadalira mazoni amene mwadutsa. Tengani cholembera. Munthu woyenda pa sitima tsiku lililonse pakati pa Zone 1 ndi Zone 2 salipira kupitirira £44.70 pa sabata. Wochokera ku Zone 5 malire ake ndi £76.40. Kusiyana kwake ndi £31.70 pa sabata, komwe pamwezi ndi pafupifupi £137. Ndiye kuti pa £150 imene mumati mwapulumutsa pangotsala £13, ndipo mwawonjezapo nthawi yaitali ya paulendo m'mawa ndi madzulo.

Pali chinanso. Basi ilibe za mazoni. Kukwera kamodzi ndi £1.75 kulikonse kumene mukupita, ndipo pa sabata yonse simupitirira £24.70. Ngati chipinda cha mu Zone 2 chili pamsewu wa basi yofika kuntchito kwanu, ndiye kuti chodulacho ndicho chotchipa. Masamuwa amatembenuka ngati ntchito ili kunja kwa Zone 1, monga zimakhalira ndi nyumba zambiri zosamalirako okalamba. Ulendo wosadutsa pakati pa tauni ndi wotsika mtengo kwambiri, choncho wogwira ntchito ku Croydon kapena ku Enfield afune chipinda komweko.

Musanavomere, funsani kuti mu lendiyo muli chiyani. Malandilodi ena amaphatikizamo magetsi, gasi, madzi, intaneti ndi msonkho wa khonsolo. Ena amangotchula lendi, mabilu n'kumabwera pambuyo. Funsani chimodzichimodzi, ndipo yankho lilembedwe mu mgwirizano. Ngati mumagwira mashifiti ausiku, dziwaninso kuti sitima zapansi zimayenda usiku wonse Lachisanu ndi Loweruka lokha, pa mizere ingapo basi: Central, Jubilee, Northern, Piccadilly ndi Victoria. Masiku enawo mudalira basi yausiku. Kumene kulibe basi yotere mudzakwera takisi, ndipo maulendo awiri okha a takisi amameza zonse zimene munapulumutsa.

Munthu wina pa Facebook akuti ali ndi chipinda chabwino ku Stratford pamtengo wotsika, koma iye ali kunja kwa dziko. Akuti nditumize dipoziti ya miyezi iwiri, makiyi adzanditumizira. Nditani?
*Wophunzira, East London*

Musatumize ngakhale 1p. Chipinda chokongola, mtengo wotsika modabwitsa, mwini wake ali kutali, ndipo akukufulumizitsani kuti pali ena akuchifuna: akamberembere amaimba nyimbo imeneyi chaka chilichonse, makamaka mu Ogasiti ndi Sepitembala pamene ophunzira akufika. Zithunzi amaba pa malonda a nyumba zina. Musalipire musanalowe m'nyumbamo ndi miyendo yanu, kapena kutuma munthu amene mumamukhulupirira. Mukakayikira ngati munthuyo ndi mwini nyumba, HM Land Registry, ofesi ya boma yosunga kaundula wa nyumba ndi malo, imakuonetsani pa intaneti dzina la mwini wake mukalipira £7.

Dipoziti ya miyezi iwiriyo payokha ndi yophwanya lamulo. Kuyambira pa 1 Juni 2019, ku England dipoziti siyenera kupitirira lendi ya masabata 5 pa nyumba wamba, ndipo ndalama yogwirira malo siyenera kupitirira lendi ya sabata imodzi. Pa chipinda cha £850 pamwezi, chulukitsani ndi 12, gawani ndi 52: sabata imodzi ndi pafupifupi £196, masabata 5 ndi pafupifupi £980. Lamulo lomwelo linaletsa maejenti kulipiritsa alendi ndalama zoonera nyumba, zolembera mgwirizano kapena zofufuzira mbiri yanu.

Dipoziti si ya m'thumba mwa landilodi. Ayenera kuiteteza pasanathe masiku 30 ku limodzi la mabungwe atatu ovomerezeka, Deposit Protection Service, MyDeposits kapena Tenancy Deposit Scheme, n'kukuuzani kumene ili. Akapanda kutero khoti likhoza kumulamula kukulipirani mpaka katatu ka dipozitiyo. Koma apa pali pamene ambiri amapunthwa: ngati mukukhala m'nyumba imodzi ndi mwini wake, kugwiritsa ntchito khitchini kapena bafa limodzi, chitetezo chimenechi sichikukhudzani. Pamenepo chida chanu ndi lisiti ndi mgwirizano wolembedwa, ndipo lipirani kudzera kubanki, osati pamanja. Tsiku lolowa jambulani chilichonse: khoma, kapeti, matiresi, chuku cha pakona pa windo, manambala a pa mita. Potuluka, mkangano wa dipoziti umapambanidwa ndi amene ali ndi zithunzi. Uphungu waulere pa nkhani za nyumba umapezeka ku Shelter ndi ku Citizens Advice.

Ine ndi mnzanga timayenda ulendo wofanana, koma ine amandidula ndalama zambiri. Chikulakwika n'chiyani?
*Mayi wogwira ntchito m'chipatala, Lewisham*

Mayi, tikuganiza kuti vuto lili pa kagunditsidwe ka khadi. Transport for London, bungwe loyendetsa mabasi ndi sitima mumzindawu, imaika malire a ndalama zimene munthu angalipire patsiku ndi pasabata, koma imawerengera pa khadi imodzi kapena pa foni imodzi. Mukagunditsa khadi yakubanki m'mawa, madzulo n'kugunditsa foni, makina amaona anthu awiri, ngakhale ndalama zikuchokera mu akaunti imodzi. Malire a Zone 1 ndi 2, omwe ndi £8.90 patsiku, simuwafika. Choipa kwambiri ndi kulowa ndi khadi, kutuluka ndi foni: amakudulani mtengo wapamwamba kawiri, chifukwa kwa iwo ndi maulendo awiri osamalizidwa. Musagunditsenso kachikwama konse kali ndi makhadi angapo; tulutsani imodzi.

Pa sitima gunditsani polowa ndi potuluka, ngakhale geti lili lotsegula kapena pa siteshoni palibe geti, monga zimakhalira pa masiteshoni ambiri a DLR, sitima zopepuka za kum'mawa kwa mzindawu. Pa basi ndi polowa pokha. Mukatsika basi n'kukwera ina pasanathe ola limodzi kuchokera pamene munagunditsa koyamba, simulipiranso, ngakhale mutasintha katatu. Mabasi anasiya kulandira ndalama zapamanja mu 2014, ndipo tikiti ya pepala ya sitima ndiyo yodula kuposa zonse: £7 paulendo umene wa khadi amalipira £2.90 kapena kucheperapo.

Nthawi nayo ili ndi mtengo wake. Lolemba mpaka Lachisanu, kuyambira 6:30 mpaka 9:30 m'mawa ndiponso 4 koloko mpaka 7 koloko madzulo, sitima imadula. Chimene amayang'ana ndi nthawi imene mwagunditsa polowa. Wolowa 6:25 walipira mtengo wotsika ngakhale atsike 7:30. Amene mumapita kushifiti yausiku muli ndi mwayi wina: madzulo, ulendo wochokera kunja kulowa mu Zone 1 umawerengedwa pa mtengo wotsika.

Pa masiteshoni ena osinthira, monga Stratford, Highbury & Islington, Canada Water ndi Clapham Junction, pali timakina tapinki. Ngati mwazungulira osadutsa mu Zone 1, gunditsani pamenepo posintha sitima, apo ayi makina angaganize kuti munadutsa pakati pa tauni. Mwina apa ndi pamene mnzanuyo akukuposani. Ndipo ngati muli ndi Railcard, monga ya azaka 16 mpaka 25 kapena 26 mpaka 30, imene imagulidwa £35 pachaka, pemphani wogwira ntchito pa siteshoni kuti aiphatikize pa Oyster yanu, khadi ya Transport for London yolipirira maulendo. Imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu pa maulendo a nthawi yotsika mtengo. Pa khadi yakubanki sizitheka. Tsegulani akaunti pa webusaiti ya Transport for London kuti muziona ulendo uliwonse, ndipo pamene anakudulani molakwika mungapemphe kuti akubwezereni.

Kunyumba kwathu kopanda nsima sitigona. Koma ufa ndi ndiwo zikutiboola m'thumba. Tizigula kuti?
*Mayi wa ana atatu, Croydon*

Choyamba, siyani kugula zinthu za sabata yonse m'timasitolo tating'ono ta pakona monga Tesco Express ndi Sainsbury's Local. Katundu yemweyo amadula kuposa m'masitolo akuluakulu a kampani yomweyo. Mkaka, mazira, buledi, mafuta ophikira, shuga, sopo ndi matewera gulani ku Aldi kapena ku Lidl. Mukalowa ku Tesco kapena ku Sainsbury's musalowe opanda Clubcard kapena Nectar. Makhadiwa ndi aulere, ndipo pa katundu wambiri pamakhala mitengo iwiri, wa okhala ndi khadi ndi wa opanda. Pa shelefu musayang'ane nambala yaikulu yokha. Pansi pake pamalembedwa timanambala tosonyeza mtengo wa kilogalamu imodzi kapena wa magalamu 100, ndipo ndi timeneto timene timanena zoona. Nthawi zina paketi yaikulu yolembedwa kuti yatsitsidwa imakhala yodula kuposa iwiri yaing'ono.

Ufa ugulidwe m'masitolo a anthu a ku Africa ndi a ku Asia. Umene umapezeka kwambiri ndi wochokera ku South Africa, monga Iwisa ndi White Star. Thumba la makilogalamu 10 limatsika mtengo pa kilogalamu kuposa timapaketi ta 1 kapena 2, ndipo mabanja awiri akhoza kusonkha n'kugawana. Sungani m'chidebe chotseka bwino, chifukwa nyumba zakale za ku London zili ndi mbewa komanso chinyezi. Chenjezo kwa ofika kumene: chimene chalembedwa cornflour m'sitolo si ufa wa nsima, ndi sitachi yokhuthalitsira msuzi. Ufa wachikasu wa polenta umaphikika, koma nsima yake si imene ana anu akuifuna.

Ndiwo zamasamba, tomato, anyezi, therere, mbatata, chinangwa ndi nthochi zophika zili m'misika ya m'misewu. Inu a ku Croydon muli ndi Surrey Street pafupi. Ena apite ku Ridley Road ku Dalston, ku Brixton, ku Rye Lane ku Peckham, ku East Street ku Walworth, ku Deptford, kapena ku Queen's Market ku Upton Park. Ogulitsa ambiri amaika zinthu m'timbale, mbale iliyonse mtengo umodzi, ndipo Loweruka chakumadzulo amatsitsa kapena kuwonjezera pamwamba kuti asabwerere nazo. Pamene pamalakwika ndi apa: za m'mbalezo nthawi zambiri zimakhala zakupsa kale. Mukagula mbale zinayi za tomato n'kuzisiya pakhitchini, pofika Lachiwiri theka laola, phindu lonse lapita m'bini. Tsiku lomwelo phikani msuzi wambiri, gawani m'timakontena, ikani mufiriji youmitsa. Masamba otchedwa spring greens ndi kale amalowa bwino m'malo mwa repu ndi mpiru, ndipo potendera, mtedza wosakazinga wa m'masitolo a amwenye mukaupera pa makina mumapeza nsinjiro. Chiponde cha m'botolo chimathekanso, bola chikhale chopanda shuga.

Nyama ya mbuzi, zam'kati, mapazi a ng'ombe ndi nkhuku zolimba zija zofanana ndi zachikuda zili m'mabutchala a halal m'misika yomweyi. Mu supamaketi, nkhuku yathunthu, ntchafu ndi miyendo zimatchipa kuposa chidali. Nsomba zoumitsidwa mufiriji yang'anani kulemera kwake kopanda ayezi, chifukwa mapaketi ena gawo ndithu ndi madzi. Amene ali ndi firiji yaikulu, kapena mabanja angapo ogwirizana, angalawirire ku Billingsgate pafupi ndi Canary Wharf, kumene msika wa nsomba umatsegulidwa 4 koloko m'bandakucha, Lachiwiri mpaka Loweruka. Kumeneko n'kopikula; munthu wofuna nsomba ziwiri asataye tulo take.

Nyemba zouma zimatchipa, koma kumbukirani kuti moto nawo ndi ndalama. Ziviikeni usiku wonse, phikani zambiri kamodzi, makamaka mu poto wa presha, n'kugawa. Nyemba zofiira zikuluzikulu ziyenera kubwata mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 poyamba, apo ayi zimatsegula m'mimba.

Zakudya zomatidwa kapepala kachikasu zija si zoopsa?
*Bambo, Woolwich*

Ayi Bambo, ndi zakudya zimene sitolo yazitsitsa mtengo chifukwa tsiku lake layandikira. Chofunika ndi kusiyanitsa mawu awiri a pa paketi. Pamene palembedwa use by, monga pa nyama, nsomba ndi zakudya zophikaphika, musapyole tsikulo: phikani kapena ikani mufiriji youmitsa tsikulo lisanadutse. Pamene palembedwa best before, monga pa buledi, mabisiketi, mpunga ndi zam'zitini, chakudyacho chimadyeka tsikulo litadutsa, kungoti kukoma kumayamba kuchepa. Masitolo ambiri amatsitsa pang'ono masana, n'kutsitsa kwambiri madzulo. Lamlungu zimachitika msanga, chifukwa lamulo limalola masitolo akuluakulu kutsegula maola 6 okha. Pa foni pali Too Good To Go, yogulitsa motchipa zakudya zotsala m'masitolo ndi m'malo odyera, koma simusankha za m'thumbamo, ndipo kawirikawiri mumakhala makeke ndi masangweji, osati ndiwo. Olio ndi ya anthu ogawa zinthu ulere. Kapepala kachikasu pa chinthu chimene simukanagula si phindu.

Chisanu chayandikira ndipo ndi choyamba kwa ife. Tikuopa bilu ya magetsi ndi gasi, komanso tilibe zovala zake.
*Banja latsopano, Barking*

Chimene chimatentha ndalama kwambiri ndi kahita kamagetsi kopemerera kaja. Kambiri ndi ka makilowati 2, kutanthauza mayunitsi awiri pa ola. Pa mtengo wa pafupifupi 26p pa yuniti, ndi 52p pa ola. Maola 5 usiku uliwonse ndi £2.60, pamwezi £78, chipinda chimodzi chokha. Ngati nyumba ili ndi mapaipi otenthetsera a gasi, gwiritsani ntchito amenewo, muwatchere kuti aziyaka m'mawa ndi madzulo, kutentha kukhale pakati pa madigiri 18 ndi 21, ndipo chepetsani m'zipinda zimene simukhalamo. Pogona, bulangeti lamagetsi limadya kachigawo kochepa chabe ka zimene hita imadya.

Kuzimitsiratu zonse si nzeru. Nyumba yozizira, yotsekedwa mawindo, yoyanikidwa zovala zonyowa m'kati imachita chuku pakhoma. Chuku chimadwalitsa ana chifuwa, ndipo landilodi adzafuna kukudulani pa dipoziti. Mukamaphika, mukasamba kapena mukayanika zovala, tsegulani windo kwa mphindi zingapo. Ndipo tikunena motsindika: mbaula, makala kapena chowotchera nyama zisalowe m'nyumba. Nyumba za kuno zimatseka mpweya, ndipo makala amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka, wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo.

Pa bilu pali ndalama ya tsiku ndi tsiku imene imadulidwa ngakhale musanayatse kanthu, choncho musadabwe kuiona. Tumizani manambala a pa mita ku kampani tsiku lolowa komanso mwezi uliwonse ngati mita si yodzitumizira yokha. Mukapanda kutero amangoyerekeza, mwina kukusenzetsani ngongole ya amene anatuluka. Kulipira mwa direct debit, pamene kampani imadzidulira yokha ndalama mu akaunti yanu, kumatchipa kuposa kudikira bilu.

Zovala yambani kukaunjika wa kuno, m'masitolo a mabungwe achifundo monga Oxfam, British Heart Foundation ndi Cancer Research UK. A m'madera a anthu olemera monga Richmond, Hampstead ndi Chelsea amakhala ndi majekete apamwamba, ngakhale mitengo yake imakwererako. Pa foni pali Vinted, yabwino kwambiri pa zovala za ana. Jekete limodzi lochindikala losalowa madzi, nsapato zosalowa madzi, ndi zovala zopyapyala zovalira m'kati zimathandiza kuposa majuzi asanu otchipa. Zatsopano zimatsika mtengo kuyambira pa 26 Disembala mpaka mu Januwale, ndipo jekete la chaka chamawa ligulidwe chisanu chikamatha. Mipando, matebulo ndi mapoto amapezeka ulere kapena motchipa pa Freecycle ndi Facebook Marketplace. Matiresi okha musatole pamsewu. Nsikidzi za ku London zikalowa m'nyumba, kuzichotsa kumadula kuposa matiresi atsopano.

Ndimakhala ndekha koma kalata ya council tax, msonkho wa khonsolo uja, yabwera ndi ndalama zambiri. Komanso ndikuona ngati kuntchito akundidula msonkho wochuluka.
*Wosamalira okalamba, Enfield*

Achemwali, munthu wamkulu wokhala yekha m'nyumba amachotseredwa 25 peresenti, koma khonsolo sichita zimenezi payokha. Muyenera kupempha pa webusaiti yawo. Ana osakwana zaka 18 sawerengedwa, ophunzira a nthawi zonse sawerengedwanso. Nyumba ya ophunzira okhaokha silipira konse, ndipo pamene pali wophunzira mmodzi ndi wapantchito mmodzi, 25 peresenti ija imachotsedwabe. Bilu imagawidwa miyezi 10, Epulo mpaka Januwale, koma mukapempha amaigawa miyezi 12. Msonkhowu musauzengereze. Mukaphonya n'kunyalanyaza kalata yokumbutsa, amafuna ndalama ya chaka chonse nthawi imodzi, kenako amawonjezera za kukhoti. Ngati viza yanu imakuletsani kulandira thandizo la boma, kuchotseredwa kwa munthu wokhala yekhaku sikuli m'gulu loletsedwalo, koma Council Tax Reduction, yomwe ndi thandizo la anthu opeza ndalama zochepa, ili m'gululo. Mayina akufanana, zotsatira zake n'zosiyana kwambiri, choncho musanasaine fomu funsani ku Citizens Advice.

Za kuntchito, yang'anani tax code pa pepala la malipiro. Ya anthu ambiri a ntchito imodzi ndi 1257L, kutanthauza kuti £12,570 yoyamba pachaka sidulidwa msonkho. Mukaona BR kapena 0T pa ntchito yanu yokhayo, ndiye kuti akukudulani kuyambira pa paundi yoyamba. Zimachitika kawirikawiri kwa oyamba kumene kapena osintha ntchito. Lumikizanani ndi HMRC, bungwe la boma lotolera msonkho, kuti akonze, ndipo zimene anadula mopyola amabweza. Pa ntchito yachiwiri BR si yachilendo. Ngati mumachapa nokha yunifolomu, mungapemphenso kuti akuchepetsereni msonkho, mpaka kubwerera zaka 4 m'mbuyo. Pemphani nokha, ndi zaulere; makampani otsatsa kuti akuthandizani amatengapo gawo lalikulu. Uthenga wa pa foni wonena kuti HMRC ikufuna nambala ya khadi yanu kuti ikubwezereni ndalama ndi wa mbava.

Poti muli m'ntchito yosamalira anthu, funsaninso za Blue Light Card, imene imagulidwa £4.99 kwa zaka ziwiri ndipo imatsitsa mitengo m'masitolo ambiri.

Ndimamwa mankhwala a BP mitundu iwiri mwezi uliwonse. Pali njira yochepetsera?
*Bambo wa zaka 52, Tottenham*

Ilipo. Ku England mankhwala olembedwa ndi dokotala ndi £9.90 mtundu uliwonse. Inu mitundu iwiri kwa miyezi 12 ndi £237.60. Chiphaso cholipiriratu cha chaka chonse cha NHS, bungwe la boma loona za zipatala, ndi £114.50, ndipo chimakwanira mankhwala onse amene angakulembereni. Aliyense wolandira mankhwala ka 12 kapena kupitirira pachaka chimamupindulira. Ana osakwana zaka 16, anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo, amayi oyembekezera ndi amene sanathe chaka chiberekereni, komanso odwala shuga amene ali pa mankhwala salipira, koma amayiwo ndi a shugawo ayenera kukhala ndi chiphaso chake. Panado wa dzina lotchuka ndi paracetamol wa sitolo wa mapeni ochepa ndi mankhwala amodzimodzi. Werengani kumbuyo kwa paketi.

Ana ali pa holide ndipo akungokhala m'nyumba chifukwa kulikonse n'kolipira.
*Mayi, Peckham*

Si kulikonse, Mayi. Kuyambira mu Disembala 2001 nyumba zikuluzikulu za boma zosungiramo zinthu zakale ndi zaluso zimalowedwa ulere. Ku South Kensington kuli Natural History Museum ndi Science Museum moyandikana, zokwanira tsiku lathunthu. Kulinso British Museum, National Gallery ndi Tate Modern. Nthawi ya holide sungitsanitu malo pa intaneti, ndi ulerebe, kuti musaime pamzere wautali. Ku Mudchute ndi ku Hackney kuli mafamu a m'tauni kumene ana amaona nkhosa, mbuzi ndi nkhumba. Ana osakwana zaka 11 salipira pa basi, ndipo pa sitima zapansi munthu wamkulu mmodzi wolipira amayenda ndi ana mpaka anayi ulere. A zaka 11 mpaka 15 akhale ndi Zip Oyster kuti azikwera basi ulere. M'malo mwa mabasi odula a alendo oona malo, kwerani nambala 24 pamwamba: imadutsa ku Parliament Square, Whitehall ndi Trafalgar Square mpaka ku Hampstead Heath. Chimene chimadya ndalama pa maulendo otere ndi chakudya ndi timasitolo ta zidole ta potulukira. Nyamulani kamba ndi mabotolo a madzi. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa.

Ndikufuna kugula galimoto yakale yotchipa kuti ndisamavutike ndi mabasi.
*Mnyamata, Ilford*

Ngati ntchito yanu siifuna galimoto, isiyeni. Kuyambira pa 29 Ogasiti 2023 dera loletsa utsi wambiri lotchedwa ULEZ linakuta London yonse, ndipo galimoto yosakwaniritsa muyezo wa utsi imalipira £12.50 tsiku lililonse imene yayenda. Zambiri za petulo zakale kuposa 2006 ndi za dizilo zakale kuposa 2015 zimagwa m'gulu limeneli, n'chifukwa chake zikugulitsidwa motchipa. Lowetsani nambala ya galimotoyo pa webusaiti ya Transport for London musanalipire. Wonjezanipo inshuwalansi, imene kwa munthu wopanda mbiri yoyendetsa ku UK ikhoza kuposa mtengo wa galimotoyo, msonkho wa pamsewu, MOT (kupimitsa galimoto kwa chaka ndi chaka) ndi chilolezo choimikira. Laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yokha chikhazikikireni, kenako muyenera kukhoza mayeso a kuno.

Kumudzi akudikira ndalama mwezi uliwonse, ndili m'chipereganyu, ndipo ndayamba kudya za overdraft. Ndiyambire pati?
*Woyamba kubadwa, Walthamstow*

Yambirani pa overdraft, ngongole imene banki imakulolani kudya ndalama zanu zikatha mu akaunti, chifukwa mabanki ambiri akuluakulu amalipiritsa chiwongoladzanja cha pafupifupi 40 peresenti pachaka. Kutumiza ndalama kumudzi zochokera pamenepo ndi kukongola modula kuti mupatse ena. Chimodzimodzi zogula lero n'kulipira pang'onopang'ono monga Klarna: zikakhala zitatu kapena zinayi nthawi imodzi, masiku olipira amakupezani musanalandire. Wakatapila, ngakhale akhale wa kumpingo kapena wa kwanu, musamuyandikire. Ku UK kukongoza ndalama ngati bizinesi popanda chilolezo cha Financial Conduct Authority, bungwe loyang'anira makampani azachuma, ndi mlandu, ndipo wophwanya lamulo ndi wokongozayo, osati inu. Ngongole yaing'ono yachilungamo imapezeka ku ma credit union, mabungwe osunga ndi kubwereketsa ndalama kwa mamembala awo, a m'dera lanu, ndipo StepChange imapereka uphungu waulere pa ngongole.

Potumiza, musakopeke ndi mawu akuti palibe cholipira. Makampani amadyera pawiri: pa fizi ndi pa mtengo wosinthira. Funso ndi limodzi: ndikapereka £100 yonse, wolandira agwira makwacha angati m'manja? Yerekezani Mukuru, WorldRemit ndi ena tsiku lomwelo, ndipo muwerengere zimene wolandira adzadulidwa potapa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Lipirani kuchokera mu akaunti, osati pa kirediti khadi, imene ambiri amaiwerengera ngati mwatapa ndalama n'kuyamba chiwongoladzanja tsiku lomwelo. Kutumiza kamodzi pamwezi kumachepetsa mafizi kuposa kutumiza timapaundi 20 sabata iliyonse. Ndalama zosunga za m'tsogolo zikhale m'mapaundi mpaka ntchito yake itafika: mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anaunjika makwacha podikira kumanga anagula simenti yochepa.

A kumudzi auzeni chiwerengero chimodzi ndi tsiku limodzi, mwachitsanzo pa 28 mwezi uliwonse, ndipo fizi ya sukulu kapena bilu ya kuchipatala muzilipira mwachindunji kumene kukutheka. Chipereganyu si choipa, chimaumiriza munthu kusunga, koma palibe lamulo lobweza ndalama zanu wina akalandira n'kuzimitsa foni. Chikhale cha anthu ochepa odziwana kumene amakhala ndi kumene amagwira ntchito, mndandanda wa olandira ulembedwe, ndalama zidutse kubanki, ndipo chopereka chanu chisapose chimene mungakwanitse mwezi umene mashifiti achepa. Gulu lililonse lolonjeza kuti mukabweretsa anthu awiri mudzalandira kasanu ndi katatu si chipereganyu, tulukanimo. Mukamaliza gawo lino la chipereganyu, musalowe lina mpaka overdraft itatha, ndipo ndalama yomwe munkaperekayo muziitumiza ku akaunti yosungira tsiku lomwe malipiro alowa.